Mwana ndi Buku pa Tchuthi Chachikulu

Kuno kwathu ku Bua sukulu zimatsekera teremu yachitatu m'mwezi wa Julaye, ndipo ana amakhala pakhomo kufikira mwezi wa Seputembala. Ichi ndicho tchuthi chachikulu cha chaka chonse. Ku maiko a ku Ulaya tchuthi chotere chimagwa m'nyengo yotentha, ndipo makolo a kumeneko ali ndi chizolowezi chosankhira ana ao mabuku oti awerenge m'masabata amenewo. Kwathu kuno chimagwa m'nyengo ya mwera, pamene mpunga uli kale m'matumba, ndipo masiku ena nyanja imakalipa kotero kuti mabwato amagona pamchenga. Imeneyi ndiyo nyengo imene munthu amapeza kanthawi kokhala pansi. Ndalemba mau awa kwa inu makolo amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, ku sukulu za kwacha, pakuti ndiri ndi pempho kwa inu. Koma ndisanapemphe, ndiyenera kuyamba ndaulula mlandu wanga.

Mu ofesi ya sukulu imene ndimayang'anira muli kabati yamatabwa, ndipo makiyi ake amakhala m'thumba mwanga. M'chaka cha 2016 Boma linayambitsa njira yatsopano yophunzitsira ana kuwerenga m'dziko lonse. Inayamba ndi Sitandade 1, ndipo pambuyo pake inafika mpaka Sitandade 4. Mabuku ake anakonzedwa ku Domasi, ku Malawi Institute of Education. Pamodzi ndi mabuku a m'kalasi, pa sukulu pathu panafikanso timabuku ta nthano, topyapyala, ta zilembo zikuluzikulu ndi zithunzi zokongola. Ine ndinatilandira ndi manja awiri, ndinatiwerenga chiwerengero chake, ndinadinda chidindo cha sukulu pa kalikonse, ndi kutitsekera m'kabati muja.

Ndinali ndi zifukwa zanga, ndipo pa nthawiyo zinaoneka ngati zanzeru. Ndinaganiza za manja a ana athu, amene m'mawa amakhala atagwira usipa ndipo masana atagwira matope. Ndinaganiza za mbuzi, zimene sizisiyanitsa pepala ndi tsamba la chinangwa. Ndinaganizanso za abambo ena amene akaona pepala lofewa amakumbukira msanga fodya wao wopichira. Koposa zonse ndinaopa tsiku limene akuluakulu a maphunziro adzabwera kudzawerenga katundu wa sukulu, napeza kuti mabuku ena palibe. Tsono ana anali kuwerenga timabukuto m'kalasi mokha, mphunzitsi ali chiriri pambali, ndipo belu likalira tinali kubwerera m'kabati. Pofika tsiku lotsekera sukulu ndinakhoma loko, ndi kupita kwathu mtima uli m'malo.

Chaka china, titatsegulira sukulu mu Seputembala, ndinatsegula kabati ija ndipo ndinamva fungo la dothi. Chiswe chinali chitaboola pansi pa khoma, nichikwera kuseri kwa kabati kumene diso silifika. Mabuku a pa thabwa lapansi anali atasanduka chulu. Kunja zikuto zinaoneka zabwinobwino, koma nditanyamula limodzi, m'kati mwake munangotuluka dothi ndi tizidutswa ta zithunzi. Ndinakhala pampando nthawi yaitali osalankhula.

Sabata lomwelo mphunzitsi wa Sitandade 3 anabwera kudzandidandaulira. Anati, "Ahedi, ana amene ankawerenga bwino mu Julaye abwera akujejema ngati sanaonepo chilembo. Ndiyambirenso maphatikizo kodi?" Dandaulo limeneli silinali lachilendo, aphunzitsi amalinena chaka ndi chaka. Koma tsiku limenelo linandilasa mtima, popeza ndinaona zinthu ziwiri pamodzi. M'midzi munali ana amene anatha masabata onse a tchuthi osaona tsamba la buku, ndipo mu ofesi mwanga munali mabuku amene anatha masabata omwewo akudyedwa ndi chiswe. Amene anawalekanitsa sanali wina, koma ine ndi loko wanga.

Inu a kunyanja mudziwa chimene chimachitika ndi bwato limene lakokeredwa kumtunda ndi kusiyidwa padzuwa nthawi yaitali. Palibe amene walimenya ndi nkhwangwa, komabe limang'aluka, ndipo tsiku lolibwezera m'madzi limachucha. Kuwerenga kwa mwana wamng'ono kuli chimodzimodzi. Munthu wamkulu amene wawerenga zaka zambiri saiwala msanga, koma mwana amene wangoyamba kumene kulumikiza zilembo amataya luso lake akakhala osaligwiritsa ntchito. Ndikhulupirira kuti inunso, amene mwaphunzira posachedwa, mwaona zomwezi pa inu nokha pamene sukulu ya kwacha yaima chifukwa cha dzinja.

Chaka chotsatira ndinasintha. Ndinalengeza kuti pa tsiku lotsekera mwana aliyense angathe kubwereka buku, malinga abwere ndi kholo lake lodzalemba dzina m'kaundula. Anabwera ambiri, ndipo ochuluka anali amai. Ena anadinda chala, monga mwa masiku onse. Koma mai wina, mlimi wa mpunga wa kusikimu, anakana inki ya chala. Anatenga cholembera, nawerama pa tebulo, nalemba dzina lake chilembo chimodzichimodzi, lilime liri pakati pa mano. Atatha anandiyang'ana mwamanyazi, nafunsa motsitsa mau, "Aphunzitsi, kodi mabukuwa ndi a ana okha, kapena ifenso tingasuzumiremo?"

Ndinamuyankha kuti, "Mai, buku silifunsa zaka za munthu."

Anati, "Koma mwanayu amawerenga msanga kuposa ine. Akandiseka."

Ndinamuuza kuti ngati mwana akuwerenga msanga, ndiye kuti mphunzitsi wapezeka m'nyumba momwemo wosafuna malipiro. Anaseka, natenga timabuku tiwiri. Za mai ameneyu ndidzanenanso kumapeto.

Pempho langa tsono ndi ili: pa tchuthi chino khalani pansi ndi mwana wanu, muwerenge naye buku. Musanene kuti ndinu osaphunzira mokwanira. Kunena zoona, pa ntchito imeneyi inu mumaposa ife aphunzitsi. Ife tinaiwala kalekale kuvuta kwake kwa kusiyanitsa b ndi d, ndipo chifukwa cha ichi timapsa mtima msanga. Inu mukukumbukira, pakuti ndi dzulo lomweli pamene zilembo zimenezi zinali kukusokonezani. Munthu amene wangooloka kumene mtsinje ndiye amadziwa bwino pamene pali mwala woterera.

Nanga mabuku ake ndi ati? Ndiyambe ndi a ana ang'onoang'ono, a Sitandade 1 kufikira 3. Kwa iwo timabuku ta nthano ta pa sukulu tija ndito toyenera, ndipo simufunika kulipira kanthu. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mwana wanu, mukapemphe mwaulemu. Akakana msanga musadabwe, pakuti nayenso ali ndi mantha amene ndinali nao ine. Muuzeni kuti mulemba dzina lanu ndi kulonjeza tsiku lobweza. Palinso timabuku totchedwa Werengani, timene amasindikiza a National Library Service, bungwe la Boma lobwereketsa mabuku limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1967. Timeneti tinalembedwa ndi Amalawi anzathu, ndipo mwana amaonamo midzi ndi nkhope zonga za kwao.

Amene muli ndi foni ya m'manja yotha kulowa pa intaneti, kapena muli ndi mbale amene ali nayo, dziwani za African Storybook. Imeneyi ndi nkhokwe ya nthano za ana za m'zinenero zambiri za mu Africa, imene inayambitsidwa ndi bungwe lina la ku Johannesburg, ndipo inatsegulidwa kwa anthu onse m'chaka cha 2014. Nthano zake ndi zaulere, ziri ndi zithunzi, ndipo zina ziri m'Chichewa. Nkhani zatsopano zenizeni, zimene sizinafike m'sitolo iriyonse, zimapezeka kumeneko. Koma ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Choyamba, nthano ndi zaulere koma mayunitsi si aulere, choncho ndi bwino kuzikopera mu foni kamodzi ndi kumaziwerenga pambuyo pake. Chachiwiri, zina zinalembedwa m'Chinyanja cha ku Zambia, ndipo mudzakumana ndi mau ena amene kuno sitiwanena chomwecho. Zimenezi zisakukhumudwitseni, mwana adziwe kuti chinenero chake chiri ndi abale kutsidya kwa malire. Ine mwini ndimakondabe buku la pepala, chifukwa foni ikalira nthano imathera pomwepo, ndipo mwini foni akapita kudooko amapita ndi laibulale yonse m'thumba.

Posankha buku la mwana wamng'ono chitani chotere. Mpatseni tsamba limodzi awerenge mokweza, ndipo pa liu lirilonse limene lamkanika pindani chala chimodzi. Zala za dzanja limodzi zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamkulira. Lisungeni, kapena mumuwerengere ndinu. Buku lovuta limagwetsa mwana ulesi, monga khasu lalikulu limalemetsa dzanja laling'ono.

Kwa ana amene ayamba kumva Chingerezi, a Sitandade 4 ndi 5, pali kabuku kamene dzina lake ndi lathu lomwe, Galimoto. Kanalembedwa ndi Karen Lynn Williams, mai wa ku America amene anakhalapo m'dziko muno, ndipo kanatuluka m'chaka cha 1990. Kamasimba za mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri amene anayenda tsiku lonse m'mudzi mwao kufunafuna mawaya oti apangire galimoto yake. Chingerezi chake ndi chofewa. Chimene ndimakondera kabukuka ndi chakuti mwana amazindikira nkhani yonse asanamve mau onse, pakuti galimoto ya mawaya anaipangapo yekha.

Koma buku limene ndifuna kuti mwana aliyense wa Sitandade 7 ndi 8 aligwire m'manja ndi la William Kamkwamba. Munthu ameneyu si wa kutali. Kwao ndi ku Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, kuseri kwa nkhalango yathu yomweyi. Anabadwa m'chaka cha 1987. Pa njala ya 2001 ndi 2002, imene ambiri a inu mukuikumbukira, makolo ake analephera kumlipirira fizi, ndipo anasiya sukulu ya sekondale. M'malo mongokhala, anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, limene pa chikuto pake panali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa, kotero kuti zambiri anali kuzitola pa zithunzi ndi mizere yolozera. Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake pakhomo pa makolo ake, ndi mitengo ya bulugama, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ndi dayinamo yake, ndipo anayatsa getsi m'nyumba. Anthu amene poyamba anamuyesa wamisala anayamba kubwera kudzaona.

Mbiri yake anailemba pamodzi ndi Bryan Mealer m'buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene linatuluka m'chaka cha 2009. M'chaka cha 2012 anatulutsa la zithunzi la ana ang'onoang'ono, ndipo m'chaka cha 2015 lina lofupikitsidwa la ana okulirapo. Kanema wake anatuluka m'chaka cha 2019. Ana ambiri amadziwa kanemayo, koma ine ndimawauza kuti m'buku muli zambiri zimene kanema anazisiya, makamaka za momwe magetsi amayendera. Ngati Chingerezi chikukuvutani, musadandaule. Mwana awerenge ndime imodzi, kenaka akufotokozereni m'Chichewa. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti sanamve, abwerezenso. Ndipo inu muli ndi gawo lanu limene buku silingathe kumpatsa: mungamuuze chimene munadya inu m'chaka cha njalacho.

Nkhani ya Kamkwamba imandichititsa manyazi nthawi zonse ndikaikumbukira. Amene ankasunga kalaibulale ka ku Wimbe akanakhala ndi mtima wonga wanga wakale, nakaniza mwana wosiya sukulu kubwereka buku, getsi lija silikanayaka.

Tsono ndinene za mabuku akale, pakuti kwa mwana amene sanalitsegulepo, buku la agogo ake ndi latsopano ndithu. Sikusinja ndi Gwenembe, lolembedwa ndi John Gwengwe m'zaka za m'ma 1960, ndi nthano ya abale awiri amene anapita kukafuna chuma, wina napha mnzake panjira chifukwa cha nsanje, koma mbalame inaulula mlandu wake. Sindinaonepo mwana amene anayamba bukuli nalisiya pakati. Gwengwe yemweyo analembanso Kukula ndi Mwambo, lonena za makhalidwe ndi miyambo ya Achewa. Limeneli ndi loyenera kuwerengedwa pali munthu wamkulu pafupi, kuti atsimikize kapena atsutse, popeza miyambo ya kumtunda siifanana m'zonse ndi ya kuno kunyanja. Palinso Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Nthara, limene linatuluka m'chaka cha 1933 litapambana pa mpikisano wa olemba a mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wopulupudza, ulendo wake wokafuna ntchito kunja, kufikira atakhala mfumu ya mudzi. Kwa mwana wamng'ono ndi lolemera. Ndimaliyesa loyenera inu makolo ndi ana a Sitandade 8. Mukapeza losindikizidwa kale kwambiri mudzaona kuti analemba c pamene ife timalemba ch. Silinalakwike ai, ndimo m'mene ankalembera masiku amenewo. Mabuku otere ndi osowa tsopano. Funsani m'masitolo a mabuku, komanso funsani aphunzitsi opuma ntchito ndi akulu a mpingo, pakuti ambiri a iwo ali nao m'masutikesi.

Za kawerengedwe sindinena zambiri. Nthawi yabwino ndi masana mutadya nsima, pamkeka, pansi pa mtengo wa mango, kuwala kukali kwaulere. Muzisinthana, inu ndime imodzi, mwana ndime ina. Akalakwitsa musamkalipire, ndipo mukalakwitsa inu, mulole akukonzeni. Ulemu wanu suchepa ndi zimenezo. Mukatha, sungani buku m'ndowa yovindikira, kutali ndi utsi, madzi ndi chiswe. Chinthu chimodzi chokha ndichinene molimba. Pa tchuthi mwana wamkazi ndiye amasenza ntchito zonse za pakhomo, kutunga madzi, kuviika chinangwa, kulera mng'ono wake, pamene mlongo wake ali pa bawo kapena ku vidiyo. Mpatseni naye nthawi yake ya buku. Anyamata nao ali ndi msampha wao: amapita kudooko kukakoka nao makoka ndi kuyanika usipa pa thandala, nalawa ndalama, ndipo ena pofika Seputembala mpando wao m'kalasi umakhala wopanda munthu. Sindinganame kuti buku lokha lingabweze mwana wotere. Koma ndaona kuti mwana amene ali ndi buku la sukulu loti akabweze amakhala ndi chifukwa chimodzi chofikira pa sukulu tsiku lotsegulira, ndipo akafika timamgwira.

Pali buku limodzi limene ndalifuna osalipeza m'kabati mwanga, ndilo buku la ana lonena za Bua weniweniyu. Mtsinje wathu umachokera kutali ku Mchinji, nudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota usanathire m'nyanja, ndipo mpasa zimakwera m'menemo kukaswana pa miyala. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinabwera m'nkhalangoyi pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, a African Parks atayamba kuisamala m'chaka cha 2015. Pa boma pali mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'chaka cha 1863, masiku amene akapolo ankaolotsedwa nyanja kuchokera pa gombe lomweli. Zonsezi ndi nkhani zoti mwana angawerenge pakamwa pali yasa, komabe ana athu amadziwa zambiri za nyama za m'mabuku a kutali kuposa za nsomba ya mumtsinje wao.

Pofuna kutseka mpata umenewu ndinayamba kupatsa ana a makalasi apamwamba kope limodzi aliyense, kuti pa tchuthi akalembe zimene agogo ao angawauze. Mnyamata wina anabwera ndi masamba asanu ndi limodzi a mau a agogo ake aamuna, onena za momwe ankatcherera miono pa Bua, ndi kuchuluka kwa mpasa masiku amenewo poyerekeza ndi lero pamene zachepa. Kalembedwe kanali kokhotakhota, ndipo zizindikiro za m'kalembedwe munalibe, koma nditawerengera kalasi lonse munali zii. Makope amenewa tinawasoka pamodzi ndi ulusi wa ukonde, ndipo tsopano amabwerekedwa monga mabuku ena onse. Inunso mungathe kuchita chimodzimodzi pakhomo panu. Nthano imene amai anu anakuuzani, inenani pang'onopang'ono mwana alembe, kapena lembani ndinu iye ajambule zithunzi.

Mwina mufuna kudziwa kuti mabuku amene ndinabwereketsa chaka choyamba chija anatha bwanji. Pa tsiku lotsegulira ndinakhala pa tebulo ndi kaundula, mtima uli m'mwamba. Anabwera. Ena anali akununkha usipa, ena makona atapindika, limodzi chikuto chitasokedwa ndi ulusi wakuda, ndipo lina linali ndi chidindo cha nkhuku pakati penipeni. Atatu sanabwere. Limodzi mwa atatuwo ndinalipeza patapita miyezi iwiri m'mudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje, liri m'manja mwa mwana amene sali wa pa sukulu pathu n'komwe. Linali litayenda nyumba zisanu. Ndinalemba m'kaundula kuti latayika, ndi kumsiyira.

Mai wa kusikimu uja anafika mochedwa, dzuwa litapendeka, mwana wake wamkazi ali pambuyo. Anatulutsa timabuku tiwiri tija m'kansalu koyera, natiika pa tebulo. Ndinamufunsa ngati mwana anamseka.

Anati, "Anandiseka sabata loyamba, Aphunzitsi. Sabata lachitatu ndinamgwira iyeyo atalumpha mzere wathunthu, ndiye ndinaseka ndine."

Anatenga cholembera, nalemba dzina lake m'kaundula, ulendo uno osatulutsa lilime. Atatha sanachoke. Anayang'ana m'kabati, naloza buku lonenepa la pa thabwa lapamwamba, nati, "Nanga ilo, la masamba ambirilo, mumabwereketsa pa tchuthi pokha?"

Ndinalitsitsa, ndinalipukuta fumbi, ndi kutsegula tsamba latsopano m'kaundula.